Yankho kwa achemwali ofunsa za call-out ya ma Scout

Achemwali, mwati a troop (gulu la ma Scout) ya mwana wanu akupemphani muthandize kukonza call-out (mwambo woitana maina a ana osankhidwa) ya Order of the Arrow pa camporee (kampu ya ma troop angapo pamodzi) ikubwerayi ndiye simukudziwa poyambira, komanso mtima ukukayika poti mwamva kuti ndi za usiku, za pamoto, zobisabisa. Ine ndinakhalapo mu komiti ya troop kuno ku America ndiye ndiyankha motalikako, osakonda kuwerenga mundikhululukire.

Mantha aja chotsani kaye. Order of the Arrow, ambiri amangoti OA, ndi gulu lolemekeza ana ochita bwino mkati mwa ma Scout a kuno, bungwe lija linkatchedwa Boy Scouts of America lomwe kuyambira 2025 likutchedwa Scouting America. Anayambitsa OA ndi E. Urner Goodman ndi Carroll A. Edson mu 1915 ku kampu ya Treasure Island pa mtsinje wa Delaware, chakumtunda kwa Philadelphia. Si mpingo ayi, ndipo malamulo a bungwe amakaniza magulu achinsinsi, kholo likafuna kudziwa zochitika pa mwambo uliwonse limauzidwa, likafuna kuonerera limakambirana ndi atsogoleri nkuonerera. Zimene amabisako ndi mawu a miyambo ya mtsogolo kuti mwana akawamve koyamba pa tsiku lake, basi. Koma call-out yeniyeniyo ndi ya poyera, makolo, azing'ono awo, agogo, aliyense amabwera, ndipo nkhani yake ndi imodzi yokha, kuitana maina a ana amene asankhidwa kuti anthu onse awadziwe.

Kusankhako si kwanu ndipo si kwa Scoutmaster (wamkulu wotsogolera troop), amavota ndi ana anzawo a mu troop momwemo, ngakhale amene sali mu OA amavota nawo, ndiye mwana akatchulidwa ndiye kuti anzake amene amagona naye mu tenti, amene amadziwa ngati amatsuka mapoto kapena amazemba, amuvomereza. Kuti alowe pa mavoti amayenera kukhala wosakwana zaka 21, wafika pa First Class (limodzi la magiredi amene Scout amakwera) ngati ali mu troop, wagona ku kampu masiku 15 m'zaka ziwiri zapitazo kuphatikizapo kampu imodzi yaitali ija ya nthawi yotentha, komanso Scoutmaster wavomereza. Atsikana nawo akulowa kuyambira 2019. Ndiye musanaganize za malo kaya za moto, funsani kaye ngati zisankho zachitika mu ma troop onse amene abwere, ndipo mndandanda wa opambana uli ndi ndani. Umachokera kwa a lodge (nthambi ya OA ya m'dera lanu) kapena a chapter (kagawo ka lodge) amene anachititsa zisankhozo, musalandire maina a pa meseji ochokera kwa kholo.

Pa maina pomwepa ndi pamene ndikufuna mulimbikirepo kwambiri, chifukwa mwambo wonse ukhoza kukongola, moto nkuyaka bwino, ng'oma nkumveka, koma mwana mmodzi akaiwalika kapena dzina lake likapotozedwa ndi zokhazo zimene banja lake lizikumbukira. Inu nomwe mukudziwa mmene azungu amavutikira ndi Chimwemwe, Mphatso kapena Thokozani, mpaka mwana osazindikira kuti akuitanidwa ndi iyeyo. Ndiye pali ana a ku Vietnam, a ku Poland, a ku Mexico, nawonso chimodzimodzi. Imbirani Scoutmaster aliyense akutchulireni dzina lililonse pa foni, mulembe pambali mmene limamvekera, woitana maina ayeserere mokweza dzuwa lisanalowe, ndipo mndandanda ukhale pa mapepala awiri a zilembo zikuluzikulu ndi tochi yake poti kuwala kwa moto sikokwanira kuwerengera. Itanani troop ndi troop, nambala ya troop kaye kenako maina, kuti ana adziwe nthawi yotchera khutu. Ngati anthu ndi ambiri bwerekani sipika ndi maikolofoni, panja mawu amathawa ndi mphepo.

China chimene ife akuluakulu chimativuta, mwambowu amayendetsa ndi ana a OA eni ake. Chief wa lodge kapena wa chapter amakhala wosakwana zaka 21, ife ntchito yathu ndi kulangiza, kupeza malo, kunyamula nkhuni ndi kuonetsetsa kuti palibe wovulala. Musaukonze ngati ukwati wa kwathu uja wa MC, mlendo wolemekezeka, mawu a akuchikazi, mawu a akuchimuna mpaka anthu kuodzera. Mphindi 20 kapena 30 zakwana. Mwana mmodzi afotokoze mwachidule kuti OA ndi chani ndipo osankhidwawo anasankhidwa chifukwa chani, maina aitanidwe, wina wovala sash yake (kansalu ka OA kopingasa paphewa) apite kukamutenga aliyense nkumuperekeza kutsogolo, anthu aombe m'manja, osankhidwa atuluke limodzi. Ana aang'ono aja a Cub Scout akakhalapo satha kukhala chete nthawi yaitali ndiye mukatalikitsa mudzionera nokha.

Mukamva madala ena akuti tap-out musadabwe, ndi dzina lakale, nthawi imeneyo ankamumenya mwana paphewa mwamphamvu pomusankha, ena mpaka kupwetekedwa. Zimenezo zinaletsedwa. Osamenya, osakoka mwana, osamumanga m'maso, osamuopseza mumdima, ndipo akapezeka bambo wina wonena kuti ife m'nthawi yathu zinkakoma choncho, mumuuze mwaulemu kuti nthawi yake inapita. Zovala nazonso samalani. Kale ankavala nthenga ndi zikopa motsanzira eni dziko a kuno, mawu ambiri a OA anachokera ku chilankhulo cha a Lenape, koma eni mitunduyo ambiri anadandaula ndipo malamulo akhala akukhwima zaka zapitazi, ndiye musagule nthenga pa intaneti, funsani adviser wa lodge zimene zikuloledwa panopa. Yunifolomu yaukhondo ndi sash palibe angakutsutseni.

Za malo ndi zachidziwikire, poti anthu onse aone, njira yolowera isakhale ya zitsa, ndowa za madzi pafupi, petulo ayi ndithu. Funsani oyang'anira kampu ngati moto ukuloledwa sabata imeneyo chifukwa kukauma amaletsa, mukhale ndi nyali zapadera, komanso dziwiranitu holo kapena shedi yothawirako mvula ikabwera.

Ndiye pali ana amene sanasankhidwe. Ma troop ena amalengeza zotsatira tsiku la mavoti lomwelo, ena amasunga mpaka pa call-out kuti zikhale zodzidzimutsa. Ine ndimakonda kuti mwana amene sanapambane Scoutmaster amuuziretu pambali, chifukwa kuima mumdima kudikira dzina lako mpaka mndandanda kutha anzako onse atapita kutsogolo, zimawawa, ndipo mwana wa zaka 12 sadziwa kubisa misozi. Amuuze kuti chaka chamawa adzayesanso. Makolo a osankhidwa auzeni mwakachetechete kuti abwere ndi makamera awo, koma asaulule kunyumba.

Maina akatha ntchito sinathe. Mwana woitanidwa sanakhale membala, ndi candidate chabe, ndipo sash yoyera ya muvi wofiira ija simupereka pa call-out, amalandira akamaliza Ordeal. Ordeal ndi weekend imene amagona payekha panja usiku umodzi, amakhala osayankhula, amadya pang'ono nkugwira ntchito yothandiza pa kampu tsiku lonse, akuluakulu ali pafupi kuyang'anira. Ali ndi miyezi 18 chisankhidwireni kuti achite zimenezi, ikadutsa ayenera kuvoteredwanso, ndipo ana ambiri amatayika pamenepa chifukwa palibe anawauza masiku. Ndiye mukangotuluka pamoto paja asonkhanitseni pamalo owala pamodzi ndi makolo awo, apatseni kalata ya masiku a Ordeal, mtengo wake, zonyamula ndi za fomu ya chipatala, lembani foni ndi imelo ya kholo lililonse, makamaka ngati mwana ali ndi matenda a shuga kapena zakudya zimene sadya poti chakudya chimachepa dala. Koko wotentha ndi mabisiketi zimathandiza kuti anthu asathawire ku matenti musanamalize.

Kamodzi kena ndisanaiwale, ngati camporee yanuyo ikuchitikira ku council (dera la Scouting America) ina osati yanu, pamafunika kalata yochokera ku lodge yanu yololeza kuti ana anu aitanidwe kumeneko, ipempheni panopa chifukwa anthu ake ndi ongodzipereka, sayankha imelo tsiku lomwelo.