Bambo akuti miyala sidyedwa, mwana akudikira sikolashipu

Wandilembera mtsikana wa chaka chachitatu ku yunivesite, amene akuphunzira za nthaka ndi miyala. Mtima wake uli pa Quaternary, nyengo yoyambira zaka 2.58 miliyoni zapitazo kufikira lero, imene madzi oundana ankakuta maiko a kumpoto n'kusungunuka, kuno nyanja zikuphwa n'kudzazanso. Bambo ake akuti miyala sidyedwa, asiye achite za akaunti. Mtsikanayo akuti angokhala kaye mpaka atapeza sikolashipu ya ku Britain, poti kuno sakuonako gulu la akatswiri a zimenezi.

Makalata otere amabwera chaka ndi chaka, ndipo mawu oti "ndingodikira" ndi amene amanditopetsa.

Mwanawe, bungwe la ku Britain ukulisiriralo, Quaternary Research Association, silinayambe ndi ofesi kapena thumba la ndalama. Linayamba mu 1964 ndi dzina loti Quaternary Field Study Group, kutanthauza kagulu kokaphunzira kutchire. Anali anthu a maphunziro osiyana, ena a miyala, ena a zomera, ena ofukula zakale, amene ankapangana tsiku n'kupita kukaima m'maenje okumbamo mchenga ndi m'magombe ogumuka, n'kumatsutsana kuti dothi ili linabwera ndi mtsinje kapena ndi madzi oundana. Dzina la lero analitenga mu 1968, ndipo magazini yawo ya kafukufuku, Journal of Quaternary Science, inadzayamba mu 1986, patapita zaka 22 chiyambire kaguluko. Ajeremani ndiye anachita kuposa apo: anakhazikitsa bungwe lawo, DEUQUA, ku Hannover mu 1948, mizinda yawo idakali mabwinja a nkhondo. Iwe ukudikira chiyani chimene iwo anali nacho?

Chondiwawa n'choti zimene ukufuna kukaphunzira kunjazo, azungu amakwera ndege kudzazifuna kuno. Chibwano cha munthu wakalekale, Homo rudolfensis, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chinapezeka ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope osonyeza kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala chimene chinatsitsa madzi ndi mamita mazanamazana. Kodi ku Karonga, kunyumba yosungirako zinthu zakale ija, unafikako? Ku Geological Survey ku Zomba unakapemphako kugwira ntchito ngakhale yaulere patchuthi?

Tsono ndikuuze zosakoma. Ntchito yolembedwa kuti "katswiri wa Quaternary" sudzaiona m'nyuzipepala. Malo ophunzitsa ku yunivesite ndi ochepa, ndipo amafuna digiri yachiwiri ndi yachitatu. Sikolashipu nayonso amapatsa amene waonetsa kale ntchito, osati wongonena kuti amakonda. Ndalama zili pa madzi apansi panthaka ndi mijigo, kuyeza dothi misewu ndi milatho isanamangidwe, migodi, ndi kujambula mapu a malo osefukira madzi ngati Chikwawa ndi Nsanje. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga mchenga ndi dongo zimene mitsinje inasiya. Phunzira mwakhama GIS, luso lojambula ndi kusanthula mapu pakompyuta, chiwerengero usachithawe.

Inu bambo, nkhawa yanu ndaimva, sukulu fizi si masewera. Koma kumuchotsa mwana chaka chachitatu kuti akayambirenso akaunti ndi kutaya ndalama zomwe mwalipira kale, n'kumuponya pamzere wautali wa anzake a akaunti amene akuyendabe ndi maenvelopu m'tauni. Msiyeni amalize.

Iwe, ngati ulidi ndi mtima, sonkhanitsa anzako asanu, mupemphe mphunzitsi mmodzi akuperekezeni ku Chilwa chilimwe chino, mukaone magombe akale a nyanjayo pamene madzi ankafika. Lembani zimene mwaona, mujambule, muyeze. Ukadzandilemberanso, unditumizire lipotilo, ndipo za sikolashipu tidzakambirana pamenepo.