Kaloboti kanga kangamve ndi kuyankhula popanda mawaya?

Funso: Amisiri, ndine wophunzira, ndimakhala ku Chikanda. Ndinapanga kaloboti ka matayala anayi kogwiritsa ntchito kabolodi kolamulira ka Arduino Uno, ndipo ndimakayendetsa ndi foni kudzera pa kabolodi ka Bluetooth ka HC-05. Ndikufuna ndikamayankhula pa foni mawu azitulukira pa kalobotiko, nanenso ndizimva zonenedwa komwe kali. Kodi ndingolumikiza maiki ndi sipika ku HC-05 yomweyo?

Yankho: Achimwene, HC-05 isiyeni pa ntchito yomwe ikugwirayo. Iyo imanyamula timalamulo ta "pita kutsogolo", "khota", "ima" basi. Njira za Bluetooth zonyamulira mawu, A2DP ndi HFP, ilibe. Uno nayonso katunduyu aikulira: RAM yake, malo osungira zinthu ikamagwira ntchito, ndi 2 KB yokha, pomwe mawu omveka bwino a 16 kHz pa 16-bit amadya 32 KB pa sekondi imodzi.

Ngati mukungofuna kuti kalobotiko kaziyankhula, musadzivutitse. Gulani kasipika ka Bluetooth mu msika wa Zomba, kamasuleni, bolodi ndi sipika yake muzimangirire pa loboti. Koma A2DP imapita mbali imodzi, kuchoka ku foni kupita ku sipika, ndipo mawu amachedwerapo pang'ono. Kumva simumva kanthu.

Poti inu mukufuna zonse ziwiri, pezani ESP32, kabolodi konga Uno koma kamphamvu, kokhala ndi Wi-Fi. Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama, ndiye werengani zolembedwa pa kachitsulo ka pamwamba pa bolodiyo musanalipire. ESP32 yoyambirira ija, monga ya WROOM-32, ili ndi Bluetooth Classic, mtundu wa Bluetooth womwe umanyamula A2DP ndi HFP. ESP32-S3 ndi ESP32-C3 zili ndi BLE yokha, Bluetooth yosadya moto wambiri, A2DP sizingatheke. Maiki tengani INMP441, ya 3.3V, ndipo ampulifaya ikhale MAX98357A, yomwe pa 5V imakankha pafupifupi mawati 3 pa sipika ya 4 ohm. Zonse ziwiri zimalumikizidwa pa I2S, kutanthauza kuti mawu amayenda ngati manambala mpaka pafupi ndi sipika, ndiye phokoso la mamota siliwalowerera msanga.

Ine ndikanakhala inu, mawuwo ndikanawayendetsa pa Wi-Fi, osati pa Bluetooth. HFP imapitadi mbali zonse ziwiri, koma kuikhazika pa ESP32 n'kovuta kwa munthu woyamba kumene. Pa Wi-Fi, ESP32 ikhoza kuyatsa netiweki yakeyake, foni kapena laputopu n'kulumikizika mwachindunji, popanda bando ngakhale ya kwacha imodzi. Mawu a 16 kHz aja ndi 256 kbps, katundu wopepuka kwa Wi-Fi. Atumizeni pa UDP, njira yotumizira uthenga mwachangu pa netiweki, m'timapaketi tating'ono. Musayatse Wi-Fi ndi Bluetooth nthawi imodzi pa ESP32 yomweyo. Zimagawana wailesi imodzi ya 2.4 GHz, mawu amadukaduka.

Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi: musayambe ndi kumva ndi kuyankhula nthawi imodzi. Maiki ikamva sipika ya loboti yomweyo, mawu amabwerera kwa inu, kenako kumakhala kulira kwa tswii ngati zokuzira mawu za pa msonkhano zikayandikana. Ikani batani, mukalidina muziyankhula, mukalisiya muzimvetsera, monga amachitira alonda pa mawailesi awo a m'manja.

Funso lina lochokera kwa yemweyo: Nanga batire? Ndili ndi ma 18650 awiri ochotsa mu laputopu yakale.

Yankho: Apa ndiye pagona nkhani. Maloboti ambiri omwe ana asukulu amabwera nawo pa benchi langa amayankhula bwino ali chiimire, koma akangoyamba kuyenda, sipika imachita phokoso kapena ESP32 imazima n'kuyambiranso. Mota ikamadzuka imakoka moto wambiri, voteji n'kugwa.

Mabatire anu awiriwo, olumikizidwa motsatizana, amapereka 8.4V akadzaza. Mamota adye kuchokera pamenepo kudzera pa L298N, kabolodi koyendetsa mamota, koma ESP32 ndi ampulifaya zipatseni 5V yawoyawo kuchokera pa LM2596, kabolodi kotsitsa voteji, osati pa 5V ya L298N. GND (waya wa negativi) ya mbali zonse ikumane pamalo amodzi. Wotcherani kapasita ya 100 nF pa miyendo iwiri ya mota iliyonse, ndi ina ya 470 µF pafupi ndi ampulifaya. Maiki ikhale kutali ndi magiya, pansi pake muikepo kachidutswa ka siponji kapena ka patapata yakutha.

Mabatire a mu laputopu yakale amatopa mosiyana. Yezani lililonse palokha ndi mita, ndipo lomwe latsika pansi pa 2.5V kapena likutentha pochaja musaliike m'loboti. Otsalawo adutse pa BMS ya 2S, kabolodi koteteza mabatire awiri olumikizidwa motsatizana.