Yankho kwa achimwene ofunsa ngati malonjezo a misonkho n'ofunika kuimira pamzere

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuotchedwa ndi dzuwa pamzere wovota chifukwa choti wina walonjeza kutsitsa misonkho. Kukhumudwa kwanu ndikukumvetsa. Chisankho cha pulezidenti cha 2019 chinadzadza ndi tipeksi mpaka khoti linachithetsa pa 3 February 2020, n'kulamula kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka.

Koma pa nkhani ya misonkho, musamangomvera za PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro. A mgwirizano wa zipani wa Tonse analonjeza kuti K100,000 yoyamba ya malipiro isamadulidwe msonkho, ndipo atalowa m'boma mu 2020 anachitadi, kuchoka pa K45,000. Zabwino. Kenako kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Kandalama kanatsala m'thumba kaja kanathera pa sopo ndi mafuta ophikira.

Komanso PAYE imakhudza olembedwa ntchito okha, omwe ndi ochepa m'dziko muno. Mayi wogulitsa mandasi ku Ndirande amalipira VAT, msonkho wowonjezeredwa pa mtengo wa zinthu, pa katundu wa m'golosale, ndipo pamsonkhano wa kampeni sakamba za iyeyo. Kavoteni ndithu, koma woimira chipani akabwera kwanuko mumufunse za VAT, komanso komwe ndalama zotsekera dzenje lobwera m'thumba la boma misonkho ikatsika zichokere.