Dambo lokwiriridwa lingachire?

Achimwene, mwafunsa ngati dambo la mchere la kugombe lomwe analikwirira ndi dothi lingachire. Eya lingachire, koma yambani mwakumba dzenje muone dothi lothiralo lazama bwanji, mukapeza pansi pake matope akuda onunkha ngati dzira lovunda ndiye kuti dambo lakale likadalipo. Kenako yezani kukwera kwa malowo, chifukwa ngati madzi a m'nyanja akamakwera sakufikapo, udzu wa mchere sumera olo mudzale bwanji. Kuno ku Harare nyanja tilibe, koma pitani ku Monavale, dambo lomwe linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2013, mukaone mmene udzu umatsatira madzi. Chimandidetsa nkhawa ine ndi zinyalala zomwe zingakhale zitakwiriridwa m'dothi lothiralo, muziyezetse kaye musanafukule, mwina muli poizoni.