Funsani Amisiri: Timagalimoto Tampikisano Toyenda M'kangalande

Mafunso a mwezi uno ndi okhudza ma slot car, timagalimoto tamagetsi tomwe timayenda pa msewu wokhala ndi kangalande pakati, uku ndi uku kuli tizitsulo topereka magetsi. Scalextric inayamba kugulitsa timagalimoto totere ku Britain mu 1957, ndipo m'zaka za m'ma 1960 masewerawa anafala kwambiri ku America, kumene makampani monga Cox, Revell ndi Monogram ankapikisana. Onse amene atilembera akufuna galimoto yopangidwa mwa kalembedwe ka nthawi imeneyo.

Ndili ndi bodi ya pulasitiki ya Ford GT40 ya muyeso wa 1:32, koma ilibe chasisi. Ndikufuna kupanga cha waya ndi brass ngati cha kale. Ndiyambire pati? (Owerenga a ku Blantyre)

Yambani ndi rula, musanagule kanthu. GT40 yeniyeni, imene inapambana ku Le Mans kuyambira 1966 mpaka 1969, ili ndi mainchesi 95, kapena kuti mamilimita 2,413, kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika pa yakumbuyo. Mukagawa ndi 32 mupeza mamilimita 75.4. Komabe yezani pa bodi yanuyo, pakati pa mabowo a matayala, chifukwa opanga mabodi ena ankaonjezera kapena kuchepetsa pang'ono. Bodi ndiye imalamula.

Mufunika waya wachitsulo wolimba wotchedwa piano wire wa mamilimita 1.2, kachidutswa ka brass kokhuthala mamilimita 0.8, maekiselo awiri a 3/32 ya inchi (mamilimita 2.38), ndi kapaipi ka brass ka 1/8 ya inchi kunja kwake, komwe ekiselo yotereyi imalowa bwino. Amene anapindapo galimoto zamawaya ali mwana dzanja ali nalo kale, koma waya wake si umenewu. Waya wa mpanda ukapindika umakhala chopindikacho, pamene piano wire amabwerera m'malo mwake galimoto ikagunda khoma. Musamudule ndi pulayazi wamba, mungagumule mano ake. Chekani ndi tupa mozungulira kenako muthyole.

Tengani thabwa losalala, lopanda kupindika, mujambulepo mzere wapakati ndi mizere iwiri yopingasa ya maekiselo. Lowetsani maekiselo m'timapaipi, muwakhazike pa timatabwa tofanana msinkhu kuti pansi pa chasisi patsale mpata wa mamilimita 1.5 mpaka 2 matayala akadzalowa, ndipo muwatsekereze ndi misomali ing'onoing'ono kuti asasunthe. Mukatero ndiye mumate mawaya awiri aatali kuchokera kumbuyo kufika kutsogolo, kenako chogwirira mota, pomalizira kalilime ka brass kogwirira gayidi, kachipsepse kolowa m'ngalande kaja.

Pomata ndi pamene ambiri amagwa. Mtovu womatira (solder) wa 60/40 ndi wabwino, koma flux, mankhwala othandiza mtovu kugwira, wa mkati mwa mtovu wa amisiri a wailesi sagwira pa chitsulo. Mfundo imaoneka yomatika, n'kudzamasuka pa kugunda koyamba. Palani malo omatawo ndi sandipepa mpaka awale, pakanipo flux wa asidi, ndipo mugwiritse ntchito chomatira cha mawati 60 kapena kupitirira, chifukwa brass amamwa kutentha msanga. Tenthetsani zitsulozo mpaka mtovu uyende wokha. Mukamaliza tsukani chasisi chonse ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, yemwe uja timathira mu therere, kenako muumitse. Mukapanda kutero mawa lake mupeza dzimbiri. Asidi ameneyu asakhudze mawaya a mota. Kumeneko ndi kwa flux wa wailesi uja.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani galimoto pa galasi, mudine kona iliyonse ndi chala. Ikagwedera, chasisi chapotoka, ndipo palibe mota kapena tayala limene lingabise vuto limenelo. Bwererani pa thabwa.

Galimoto yanga imalira ngati chigayo ndipo mota imatentha ikangozungulira kangapo. (Owerenga a ku Johannesburg)

Kawirikawiri ndi magiya othinana. Chotsani bodi, muzungulitse matayala akumbuyo ndi chala pang'onopang'ono mpaka giya yaikulu ithe ulendo wonse. Paliponse payenera kukhala kampata kakang'ono kwambiri, ngati kukhuthala kwa pepala, pakati pa mano a giya ya pa mota ndi a yaikuluyo. Ikamathina mbali imodzi n'kumasuka mbali ina, ekiselo ndi yopindika kapena giya yakhala mopendekeka. Gubuduzani ekiselo pa galasi, mudzaiona ikuvina. Yotere musavutike kuiwongola, ikani ina.

Onaninso ngati magiya awiriwo ndi a mtundu umodzi. Mano a 48 pitch (muyeso wa kukula kwa mano) sagwirizana ndi a 64 pitch, ngakhale atakhala ngati alowana. Za chiwerengero cha mano, yambani ndi 9 pa mota ndi 27 pa ekiselo, kutanthauza kuti mota izungulira katatu tayala likazungulira kamodzi. Giya ya mano 10 kapena 11 pa mota imathamanga pa msewu wautali wowongoka, koma pa msewu wa m'nyumba wodzaza makona imangotopetsa mota ndi kufooketsa mabuleki. Mafuta ndi kadontho ka pa nsonga ya singano pamene ekiselo ndi msomali wa mota zimazungulira, basi.

Galimoto yanga ikafika pa kona imangotuluka m'ngalande. Mnzanga akuti ndiike maginito pansi pake.

Maginito agwiradi ntchito, koma mukawaika mwasiya kalembedwe ka m'ma 1960 kamene mukufuna, ndipo m'mipikisano ya magalimoto akale nthawi zambiri saloledwa. Amabisanso zolakwika zimene zikanakonzeka.

Choyamba ndi matayala akumbuyo. Labala wakale amauma n'kumaterera, choncho ikani atsopano a labala kapena a urethane. Amateni ku malimu ndi guluu wochepa, chifukwa tayala losamata limafufuma mota ikathamanga. Akauma, matani sandipepa wa nambala 240 pa msewu, gwirani galimoto gayidi ili pa magetsi, mupereke mphamvu yochepa, n'kutsitsa matayala pa sandipepayo mopepuka kwa masekondi asanu kapena khumi, kupumira, n'kubwereza mpaka nkhope yonse ya tayala ifanane mtundu. Mukakanikiza labala amatentha n'kunyenyeka. Palaninso m'mphepete mwakunja kuti mukhale mozungulira pang'ono. Tayala la ngodya yakuthwa limakumba msewu, galimoto n'kugubuduka m'malo motsetsereka.

Matayala akutsogolo ntchito yawo ndi ina. Angokhudza msewu, kulemera kwa kutsogolo kukhale pa gayidi. Ambiri amawapaka polishi wa zikhadabo woonekera kuti asagwire.

Kenako penyetsetsani mmene ikutulukira. Ngati mphuno ikupitirira molunjika gayidi itazuka, matani kamtovu ka magalamu awiri kapena atatu kumbuyo kwenikweni kwa gayidi. Ngati ikupendekeka n'kugubuduka, ikani mtovu wophwatalala m'mbali zonse ziwiri za chasisi, pansi penipeni. Ngati mchira ukutaya kwambiri, ikani patsogolo pang'ono pa ekiselo yakumbuyo, osati kumbuyo kwake, pakuti kumeneko kumakoka mchira ngati mwala wa pa chingwe. Sinthani chinthu chimodzi, muzungulire kakhumi, ndiye muweruze. Masulaninso masikuluwu a bodi pang'ono chabe, kotala la kuzungulira kumodzi, kuti bodi izigwedera payokha. Kugwedera kumeneko kumameza kunjenjemera kwa msewu. Dziwani kuti galimoto yopanda maginito iyenera kutaya mchira pang'ono pa kona. Chimene mukufuna n'chakuti iziterereka mofanana nthawi zonse.

Ndapeza mota yakale ya Mabuchi 36D. Ndaiika, koma chogwirira cha m'manja chowongolera liwiro chikutentha ndipo galimoto imangodzidzimuka kumapeto kwa kudina. (Owerenga a ku Leeds)

Mota ya 36D inapangidwira makamaka magalimoto aakulu a 1:24, ndipo imakoka magetsi ambiri kuposa timamota ta masiku ano ta 1:32. Chogwirira cha ma ohm (muyeso wa kutchinga magetsi) 45 kapena 60 chimene chimayendera timamota tating'ono chimaimana magetsi mpaka chala chitafika kumapeto, n'chifukwa chake ikudzidzimuka, waya wa mkati n'kumatentha. Pezani cha ma ohm ochepa, cha m'ma 10 mpaka 15, ndi thiransifoma ya 12V yotha kupereka ma amp angapo pa njira iliyonse.

Mota imene yakhala zaka zambiri osayenda musaipatse 12V nthawi yomweyo. Yang'anani timakala take ngati tatsala, pukutani commutator, kamkuwa kozungulira komwe timakalato timakhudza, ndi kansalu konyowetsa sipiriti, donthezani mafuta mbali zonse ziwiri za msomali wake osafika pa timakala, ndipo muiyendetse yokha pa 3V kapena 4V kwa mphindi 15. Maginito a mkati mwake amafooka ndi zaka. Ikamazungulira mopepuka kwambiri ndi chala, mabuleki n'kusowa, vuto ndi limenelo.

Galimoto yanga imayenda modukizadukiza pa malo ena a msewu.

Ngati magalimoto onse akuchita zimenezi pa malo amodzimodzi, pukutani tizitsulo ta msewu ndi kuthinitsa polumikizira zidutswa. Ngati ndi yanu yokha, onani timaluko ta waya wamkuwa ta pansi pa gayidi. Tipeseni ndi burashi ya mano yakale kuti nsonga zake zimwazike, tigoneke mophwatalala nsonga zitaloza pansi pang'ono, ndipo tikada kapena kupsa tisintheni. Tikakhuthala kapena kupindika kwambiri timanyamula mphuno ya galimoto, gayidi n'kutsala pamwamba pa ngalande.