Musalipire kaye ruby wa ku Montepuez uja

Achimwene, mwati munthu wakubweretserani timiyala tofiira, akuti ndi ruby wa ku Montepuez, ndipo wakanda nato botolo kuti mukhulupirire. Botololo liiwaleni. Galasi kulimba kwake ndi pafupifupi 5.5 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, pomwe garnet wamba, mwala winanso wofiira womwe kwathu kuno ndi wosasowa, ali cha pa 7, ndiye amalikandanso bwinobwino. Ruby ndi 9, koma botolo silingakuuzeni zimenezo.

Malo atchulawo ndi enieni. Ku Montepuez, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, ruby anapezeka mu 2009, ndipo kampani ya migodi ya Gemfields inayamba kumugulitsa pa okushoni mu 2014. Ifenso tili naye pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, lomwe limatulutsa ruby ndi sapphire. Awiriwa ndi mwala umodzi, corundum: chromium ndiye amaufiiritsa, iron ndi titanium amaupatsa mtundu wa buluu. Koma dzina la mgodi aliyense akhoza kulitchula.

Ine chimene ndikuopa kwambiri ndi miyala yopanga ku fakitale. Njira yopangira ruby yotchedwa Verneuil ilipo kuyambira 1902, ndipo mwala wake ndi corundum ndithu, wolimba 9, kotero mayeso okanda onse umakhoza. Akathyali amauphwanya, kuukwecha m'mbali, kuupaka dothi n'kuusakaniza ndi miyala yokumba, ndipo amachita izi pafupi ndi migodi pomwe, poti ndi pamene ogula amatayirira. Pezani loupe ya 10x (kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi), munyowetse mwala, muunike ndi tochi cham'mbali. Mizere yokhota ngati uta ndi timathovu tozungulira, n'zakufakitale. Wachilengedwe mizere yake imakhala yowongoka, yokumana mwamakona, nthawi zina ndi tisingano tosalala ta kamwala kena kotchedwa rutile. Ukakhala waukulu, wofiira mokoma, wopanda kachilema ndi kamodzi komwe, koma pamtengo wotsika, bwezani.

Za kuotcha mwala kuti mtundu wake ukome musadandaule nazo kwambiri. Ruby ndi sapphire ambiri pamsika anadutsa m'ng'anjo, makamaka ku Chanthaburi ku Thailand ndi ku Sri Lanka, ndipo mtundu wake sufwifwa. Bola wogulitsa anene, poti wosaotcha mtengo wake ndi wina. Choipa ndi chija chinafala cha m'ma 2004, chodzaza ming'alu ndi galasi la mtovu. Mwala wosweka wopanda ntchito umaoneka wa ndalama, koma ukautembenuza pa kuwala ming'alu imaphethira buluu kapena olenji, ndipo madzi a mandimu okha amatha kudya galasilo. Kwa ine umenewo si ruby, ndi galasi lovala ruby. Kulinso zolowetsa mankhwala a beryllium m'mwala pa moto waukulu kuti usinthe mtundu, zomwe zinadziwika cha mu 2002 pa sapphire wa olenji. Izi ndi maso simungazione, mpaka ku labotale.

Ndiye chitani izi. Tengani mwala umodzi, wosankha inuyo osati iye, mupite nawo kwa wodziwa miyala amene ali ndi refractometer (choyezera mmene mwala umapindira kuwala) ndi dichroscope (choonera mitundu ya mwala). Corundum amawerenga 1.76 mpaka 1.77 pa refractometer, ndipo amaonetsa mitundu iwiri pa dichroscope, garnet umodzi wokha. Izi zichotsa garnet, spinel (mwala winanso wofanana ndi ruby) ndi galasi, koma wakufakitale azidutsabe, n'chifukwa chake ngati ndalama zake n'zambiri pamafunika satifiketi ya labotale ngati GIA, SSEF kapena Gübelin. Funsaninso mapepala olowetsera miyalayo m'dziko, ndipo inunso mukhale ndi chiphaso cha boma chogulira miyala. Akakana kuti umodzi ukayezedwe musanalipire, musiyeni apite.