Sanakuwe, kodi ndiye kuti anavomera?

Azakhali,

Sabata yatha mkazi wanga anandiululira kuti miyezi ingapo yapitayo anagwiriridwa ndi munthu amene tonse timamudziwa. Chikundisowetsa tulo n'chakuti sanakuwe, sanalimbane naye, akuti anangouma thupi lonse. Kutacha anamupatsanso moni munthuyo. Masiku ano ndikamukhudza usiku amadzidzimuka n'kutembenukira kukhoma. Kodi sikuti anagwirizana, ndiye akuopa kuti ndidzamvera kwa ena?

Bambo wosweka mtima

Bambo,

Ayi, sanavomere. Kuvomera n'kunena kuti inde mwa kufuna kwako, popanda mantha. Chete wa munthu wogwidwa ndi mantha si inde.

Moyo ukakhala pa chiswe, ubongo sudikira kuti mwiniwake aganize kaye. Ena amathawa, ena amamenya, koma ambiri thupi limangouma gwa. Mawu amatsamwa pakhosi, miyendo imalemera, ena amaona ngati zikuchitikira munthu wina iwo akungoonerera. Munthu sachita kusankha zimenezi. Mu 2017 ofufuza a ku Stockholm, m'dziko la Sweden, anafalitsa zimene anapeza atafunsa amayi 298 amene anapita kuchipatala atagwiriridwa: 70 pa 100 alionse anauma chonchi. Omwewo ndiwo anali pa chiopsezo chachikulu chovutika maganizo pambuyo pake.

Za moni zija musazitengere patali. Munthu amene wakuchita chipongwe, ndipo udzakumana nayenso mawa, umamusekerera kuti asakupwetekenso, kapena kuti anthu asazindikire kanthu.

Funso loti "bwanji sunakuwe?" akazi anu akhala akudzifunsa okha miyezi yonseyi, mwina n'chifukwa chake anachedwa kukuuzani. Akalimvanso pakamwa panu, sadzayambiranso kulankhula. (Ndaona kuti m'kalata yanu yonse mwazenga mlandu akazi anu, wogwirirayo simunamudzudzule ndi liwu limodzi lomwe. Taganizirani zimenezo.)

Auzeni mawu ochepa: "Ndakukhulupirira. Si iwe wolakwa." Kenako mvetserani, osawapanikiza kuti afotokoze zonse mwatsatanetsatane. Nkhani ikamatuluka moduladula, si bodza ayi, mantha amasokoneza kakumbukiridwe ka zinthu. Musathamangire kwa munthu uja ndi ukali, musauzenso achibale iwo asanalole. Analandidwa kale ufulu wosankha, inu musawalandenso kachiwiri.

Kuchipinda, funsani musanakhudze. "Ndikugwire dzanja?" Akangoti zii kapena thupi likauma, lekani pomwepo, osanyanyala. Sakukana inu, thupi lawo likadali tcheru.

Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye nthawi yake inadutsa. Komabe pitani limodzi kuchipatala mukayezetse HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, mukafunsenso mlangizi wa za maganizo. Inunso mukufunika wokumverani, chifukwa ukali ndi chisoni chanucho si katundu woti akazi anu asenze. Zokanena kupolisi asankhe okha, ndipo akafuna kupita, aperekezeni.

Azakhali